Diresi Long'ambika Pantchafu

Achemwali,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno ku Chulu tili bwino, kupatula bambo a Tadala amene akutsokomola ndi fumbi la fodya.

Diresi munatumiza lija, loti Tadala akavale paphwando lotsanzikana a Folomu 4, linafika. Nditaona kuti ndi long'ambika mpaka pantchafu, ndinayesa lakodwa m'basi, ndiye ndinakalisoketsa kwa telala bwinobwino. Mwana wanuyu atangoliona analira. Akuti, "Amayi, amasoka choncho, mwaliwononga." Kuphwandoko wakana, ndipo ulendo wathu wa holide kwa agogo ake ku Chipata akuti sapita nawo. Chimene ndalakwa sindikuchiona.

Mulungu akusungeni, achemwali, koma mundiuze zoona: munaligula long'ambika dala? Mukati inde, ulusiwo ndimasula ndekha, ngakhale sindikumvetsa.

Ine mng'ono wanu,
Nabanda