Amayi, Chokanipo pa Utsi

Area 25, Lilongwe

Okondedwa amayi,

Assalamu alaikum. Muli bwanji kumeneko, makamaka chifuwa chija? Musandibisire, achimwene a Jamali anandiuza pa foni kuti mwezi watha munagonekedwa kuchipatala, ndipo adokotala anati vuto ndi utsi wowambira nsomba. A Jamali, poti ndinu mukuwawerengera kalatayi, muwerenge yonse, musadumphe pena.

Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah. Mdzukulu wanu Sufiyani wayamba kuyenda, chilichonse akugwetsa. Magetsi akungozimazima, makala nawo mtengo wake wosayamba.

Ntchito kuhotela ikuyenda. Sabata yatha kunali msonkhano wa za kusintha kwa nyengo, ine ndi amene ndimawapatsa tiyi. Amati mayiko olemera, omwe mafakitale awo asokoneza mvula, akutumiza thandizo kuti ife tizigwiritsa ntchito dzuwa m'malo mwa nkhuni. Ine chamumtima ndinkati awa angodya nkhuku zawo n'kubalalika. Koma mayi wina atatchula kwathu ku Chia, ndinatsala pang'ono kutayira munthu tiyi. Ndinamutsatira panja. Anandiuza kuti kudoko kwathuko amanga kale nyumba ya pulasitiki yoyanikiramo nsomba, usipa umauma ngakhale kunja kukugwa mvula, ndipo posachedwa abweretsa firiji ya sola. Ololedwa ndi amayi a m'gulu loyanika nsomba okha, ndipo malo atsala ochepa.

Nditafunsa a Jamali chifukwa chimene inu simuli m'gulumo, anayamba azungulirazungulira, kenako anaulula kuti wapampando ndi a Mwanahalima, akazi anzanu aja. Amayi inu! Bambo anatisiya kalekale, mitala inathera kumanda komweko, nanga mukulimbiranabe chiyani? Ndikudziwa anakulankhulani zopweteka pamaliro paja. Ndinalipo, ndinamva ndekha, mpaka lero zimandiwawa. Koma iwo akuyanika nsomba zawo uku akupuma bwinobwino, inu muli pang'anjo maso ali psuu, nkhuni zake zochita kukasaka kutali.

Pempho langa ndi limodzi basi: pitani mukalowe m'gulumo malo asanathe. Sindikunena kuti muzikadya nawo mbale imodzi ayi. Mukaika usipa wanu, n'kubwerako.

Ine ndili ndi mantha, amayi. Foni ikalira n'kuona kuti ndi a Jamali, ndimayamba ndapemphera ndisanayankhe n'komwe.

Chitenje ndi shuga ndapatsira a Habibu oyendetsa minibasi, mulandire Lachisanu mukachoka kumzikiti.

Mundiperekere moni kwa amalume ku Bua, azakhali, alamu anga ndi ana onse. Moni womaliza ndi wa amayi aang'ono a Mwanahalima. Umenewu musatume a Jamali kapena mwana aliyense. Mukaupereke nokha pakhomo pawo, ndipo zimene akayankhe ndidzazimva kwa inu.

Ndine mwana wanu,
Ikram