Mawu a Amalume Anawadula Pakati

Mchesi, Lilongwe
14 Julaye

Okondedwa achemwali anga a Eneless,

Landirani moni wochokera kuno ku Lilongwe. Muli bwanji ku Ndunde ndi chiperoni cha mwezi uno? Mwendo uja munkadandaula unaleka kutupa? Nanga alamu ndi ana akudzuka bwanji? Kuno tilipo, kungoti mayi a Yamiko chimfine chawagwira sabata yathunthu, ndipo ine fumbi la matabwa landiyambitsanso chifuwa. Ntchito ku shedi ikuyenda mokwawa, anthu masiku ano akuthamangira mipando ya pulasitiki.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndinaigwira kawiri kuti ndikuimbireni, koma pakamwa pankadzaza mawu oti mkhristu sayenera kutulutsa. Pepala limandikakamiza kudekha. Komanso ndikufuna kalatayi mukawawerengere amalume a Kalinde pang'onopang'ono, muli awiriwiri.

Mukuwakumbukira anthu a makamera aja anabwera kumudzi zaka ziwiri zapitazo, motsogozedwa ndi bambo wandevu uja dzina lake Benedict? Ankati akupanga filimu ya mbiri ya ife Alomwe, mmene makolo athu anachokera ku Mozambiki. Filimu ija yatuluka, pamodzi ndi buku lake la zithunzi. Anaionetsa Loweruka lapitali masana mu holo ina kuno mumzinda. Nditamva pa wailesi ndinasita malaya, nkutenganso mnzanga Abdulhamid amene timapala naye matabwa. Njira yonse mu minibasi ndinkadzitama kuti lero awaona amalume anga, mkulu wa mpingo, munthu wotchula makolo ake mpaka mibadwo isanu osapunthwa. Ndikanadziwa, bwenzi nditakhala pakhomo nkumakazinga mtedza.

Achemwali, zimene ndinaona zinandinyansa. Amalume anatulukira ali khale pa dothi, kuseri kwa khola la mbuzi lija linagwa, opanda nsapato, atavala malaya awo obooka a kumunda. Inu munandiuza nokha kuti tsiku limenelo analawirira kumeta, anavala jekete lawo lakuda la pa Mgonero ndi nsapato zopukuta. Ndiye kuti anthu aja anawavula. Nyumba yamalata imene tinawamangira sinaoneke ndi pangodya pomwe. Kamera inangokakamira pa ming'alu ya kumapazi kwawo ngati ikufuna kuiwerenga, uku kagitala kakulira momvetsa chisoni. Mayi wina amene anakhala kutsogolo kwathu anapukusa mutu nkunena kuti anthu akumudzi akuvutika. Ndinafuna kumugwira paphewa ndimuuze kuti munthu ameneyo ali ndi nsapato mapeyala awiri.

Buku lija ankagulitsa pakhomo. Ndinalitsegula ndili chiimire. Chithunzi cha amalume chatenga tsamba lonse, koma dzina lawo palibe. Pansi pake angolemba kuti nkhalamba ya Chinguru. Mawu amene agogo athu ankatukwanidwa nawo m'minda ya azungu, mawu oti munthu akakutchula nawo pamsika zibakera zimayamba, lero awasindikiza pa pepala lonyezimira. Ndinalibweza pa tebulo nkupukuta manja pa thalauzi. Abdulhamid nayenso anali atatupa, akuti mu filimu yonseyo anthu a mtundu wake angotchulidwa kamodzi, ndipo si pa zabwino.

Zonsezi ndikanameza, achemwali. Chimene chandilanda mtendere ndi ichi.

Inu mukudziwa mmene amalume amayankhira munthu akawafunsa za malo. Pamaliro, paukwati, ngakhale kwa anyamata a kabaza, mawu awo sasintha. Amayamba modzichepetsa ngati ali paguwa, kenako nkukhomera msomali kumapeto: "Ife ndife alendo, malo ano si athu, kwathu nkumwamba. Koma podikira ulendowo, dimba ili anaswa mphanje ndi agogo a Tikhala, ndipo dzina lawolo likunena lokha." Ife tinakula tikuwaseka mawu amenewa chifukwa chowamva pafupipafupi, mpaka inu munkawatsanzira kuseri kwa nkhokwe. Aliyense wa ku Ndunde amadziwa kuti amalume akati "alendo" ndiye kuti nkhani sinathe, udikire "koma".

Mu filimu "koma" mulibe. Amalume akunena kuti ife ndife alendo, malo ano si athu, basi, mawu dulu! Pomwepo akuonetsa anthu atasenza mitolo pamutu akuyenda m'fumbi, ndipo m'munsi alemba m'Chingerezi kuti mpaka lero anthu amenewa amavomera okha kuti alibe malo m'Malawi. Anthu mu holo anaomba m'manja. 

Zitatha ndinamudikirira Benedict pakhomo. Anali pakati pa anthu ovala masuti, akumugwira chanza ngati wabwera ndi mvula. Nditamuuza kuti ndine muphwa wa a Kalinde anayamba waganiza, kenako anati eya, madala aja a ku Chiradzulu. Dzina anali ataliiwala. Ndinamufunsa za jekete, anati linkaononga chithunzi, anthu akunja amene anathandiza ntchitoyo amafuna kuona moyo weniweni wa kumudzi. Ndinamufunsa za mawu aja, anati filimu ndi ya ola limodzi, ndiye za kumwamba zikanachedwetsa nkhani. Anawonjezera kuti ife abale tiyenera kunyadira, chifukwa nkhope ya amalume ikaoneka mpaka kutsidya la nyanja.

Ndinamuyankha kuti, "Ine ndine kalipentala, ndikadula thabwa chidutswa ndimasunga. Inu mwadula mawu a munthu wamoyo, chidutswa chinacho mwataya kuti?"

Anaseka, achemwali. Anati ndili ndi mawu okoma, ndiime naye tijambulitse. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo malovu amene ndinalavula panja paja sindikuwachitira manyazi. Munthu wophunzira, Mmalawi mnzathu, wadya nkhuku yanu ija munamuphera, nkukatigulitsa ngati tomato wofinyika.

Tsopano imvani chifukwa chake sindikungotukwana nkusiya. Asanatseke mwambo analengeza kuti filimuyi aibweza kwa eni ake. Akaionetsa ku Ndunde komweko, pa sukulu ya pulaimale, Loweruka loyamba la Ogasiti masana. Ndipo inu munandiuza kuti nkhani ya dimba lathu la kumtsinje ikubwereranso kubwalo la amfumu kumapeto kwa mwezi womwewo.

Zaka zitatu tsopano a Bakali, oyandikana nafe malire aja, akulimbikira kuti dimbalo ndi la kwawo, ife ndife obwera, makolo athu anangobwereka. Amakonda kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame ake ati okhala zaka zoposa zana? Nthawi zonse nkhani yawo imagwa chifukwa mboni alibe. Ndiye taganizani, mudzi wonse uli m'kalasi, a Bakali ali pomwepo, ndipo pakhoma paoneka amalume, mwinimbumba wathu, akunena ndi pakamwa pawo pa sipika kuti malo ano si athu. Mawu anga kapena anu pa nkhani ya malo ndi mphepo chabe, koma a mwinimbumba ndi chidindo. A Bakali sadzafunanso mboni ina. Anyamata adzajambula ndi mafoni awo, nkukaiseweretsa kubwalo kangapo konse.

Dimba limenelo ndi limene likudyetsa ana anu. Mpiru, kabichi ndi nyemba zimene mumapita nazo kumsika zimachokera mmenemo, ndipo mayi athu anamwalira akudziwa kuti asiya mwana wawo wamkazi pa dothi lonyowa. Benedict zimenezi sakuzidziwa, ndipo atazidziwa sindikhulupirira kuti angaphonye nazo chakudya.

Poyamba ndinaganiza zoti tiwabisire amalume. Ndinati tsikulo muwakweze kabaza apite kukaona odwala ku Milepa, asaone mmene awachitira. Ndikudziwa kuti akhala akuuza mpingo wonse kuti adzaoneka pa kanema, ndipo mtima wawo suli wolimba ngati kale. Koma mayi a Yamiko anandifunsa kuti tikawachotsa, adzatsale kuyankhula m'kalasimo ndani? Adzatsala a pakhoma aja, opanda nsapato, odulidwa pakamwa. Ndinaona kuti akunena zoona. Kuwabisira kukhala kuwadula kachiwiri, ndipo ulendo uno mpeni tagwira ndife.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwauze zonse, musasiye kanthu, ngakhale za mawu a m'buku aja. Akwiye panopa, alire panopa ngati nkulira, ali pakhomo pawo. Tsikulo likafika avale jekete lija, avale nsapato, ndipo mukawakhazike pa benchi yakutsogolo penipeni, poti aliyense aziona munthu wa pakhoma ndi munthu weniweni nthawi imodzi. Ndiye mawu aja akangomveka kuti malo ano si athu, amalume aimirire, atembenukire anthu, amalize okha chimene ananena. Sadzafunika kuloweza kanthu, akhala akuchinena zaka makumi asanu.

Mwina mukudandaula kuti kagitala kaja kadzaphimba mawu awo, poti masipika a anthu amenewa ndi aukali. Zimenezo musiyire ine. Ndagwirizana kale ndi Abdulhamid kuti adzandigwirire ntchito masiku atatu. Ndidzafika Lachisanu, ndipo Loweruka simudzandiona pa benchi. Ndidzaima pafupi ndi chingwe cha jenereta. Benedict anatiphunzitsa yekha kuti mawu amadulidwa, ndiye nafenso tidzadula ake, a Bakali amve dzina la agogo a Tikhala mpaka kumapeto.

M'kaphukusi kali ndi kalatayi muli polishi wakuda ndi mabatani awiri a jekete, poti munati limodzi linathothoka pa Isitala. Sopoyo ndi wanu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mpini wa khasu ndinawalonjeza uja ndibwera nawo. Moni kwa azakhali ku Mbulumbuzi, kwa asuweni onse, ndi kwa ana, makamaka Success amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Mayi a Yamiko ndi Yamiko akuti moni wambiri. Kwa amalume musangopereka moni, muwagwire dzanja muwauze kuti muphwa wawo anawaona, ndipo anamva pamene anawadula.

Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mlongo wanu,
Overtone

Nsapato zija mukazipukute kawiri. Ulendo uno palibe adzawavule.