Mwala wa pamlatho uli pachinangwa

Lachinayi, 9 Meyi. Tsiku londichititsa manyazi.

Ndinapita kukajambula mlatho wakale wamiyala kuseri kwa Tukombo, uja anamanga nawo malemu agogo aamuna. Mbali imodzi yagumuka, ndipo miyala yosema anthu akututa. Wina ndinaupeza kudambo, azakhali atapsinjira thumba la chinangwa choviika. Ndinawalalikira za chuma cha makolo mpaka thovu kukamwa.

"Ada," anatero, "kondowole wa chinangwa chopsinjidwa ndi mwala womwewu mwadya zaka zitatu osatsamwa. Agogo anu ankakuitanani kuti akakuonetseni mwala wawo, inu muli bize ndi mabuku ku Zomba."

Digiri ya mbiri yakale ndili nayo, koma mwala umene anasema agogo sindiudziwa. Mwina ndi womwewo. Ndinauvuula, kuutembenuza mbali zonse, kenako ndinaubwezera pathumba kuti chinangwa chisayandame.