Mawu a Nsembe Anandithawa pa Mathithi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harareko. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundivuta.

Kuno mvula yadula, chimanga chikufota. Lachiwiri anthu anandipempha kuti ndikathire nsembe ku mathithi a m'phiri, kuja ankathira malemu amayi. Tinakwera pang'onopang'ono, ine ndikupuma pamwala uliwonse, azungu oyenda m'phiri akutipitirira. Titafika ndinagwada, ufa uli m'manja, koma mawu a Chilomwe ankanena amayi aja anandithawa. Alamu anu anati, "Nenanitu bambo, anthu akudikira." Ndinangothira ufawo osanena kanthu, madzi n'kuutenga.

Mpaka lero kumwamba kuli mbee. Achemwali, mwatsala ndinu nokha. Ngati mawuwo mukuwakumbukira, chonde uzani wina awalembe, mutumize chimangachi chisanaume.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Dafuleni