Kabati Ituluka Yathunthu

Amsterdam, pa 9 Okutobala 1986

Achemwali a Pieternella,

Ndikulemba kalatayi mwana wanga Willemien ali pomwepa, koma sakundilankhula. Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu a Krijn muli bwino, ndipo chifuwa chija chinakusiyani mphepo yozizira isanayambe. Ine ndili moyo. Mawondo okha ndiwo atha.

Adokotala alamula kuti ndichoke pansanjika yachitatu pano. A ofesi ya nyumba andipatsa malo apansi mumsewu womwe uno, ndipo akuti mwezi ukatha ndisanalowe apatsa wina. Ndavomera. Chavuta ndi kabati ya malemu mkazi wanga Geertruida.

Mukuidziwa. Bambo ake a Geertruida anaipanga ndi manja awo m'chaka cha 1924, ya thundu lokhalokha, yopanda maluwa osema amene akale ankakonda. Ngodya zake n'zobulungira ngati mphuno ya bwato, miyendo imanka nikula potsika, zogwirira n'za phingo. Mulibe msomali. Ndi thupi limodzi, siphwasulika. Inalowera pazenera ndi chingwe sabata imene tinakwatirana. Koma chaka chatha a ofesi anachotsa mazenera akale n'kuikamo apulasitiki, aang'ono. Masitepe athu nawo mukuwakumbukira. Bokosi la maliro a Geertruida linatsika choimirira.

Lolemba kunabwera onyamula katundu. Wamkulu wawo anayeza, naseka, nati agogo, iyi tingoicheka pakati, kumeneko tikamata, palibe akaone. Ndinamufunsa ngati iyeyo atachekedwa pakati n'kumatidwa amayi ake sangaone. Anamaliza khofi wake n'kumapita.

Willemien akuti ndine wouma mutu ngati anthu onse a kwathu ku Westkapelle. Dzulo anabwera ndi munthu wa sitolo ya zinthu zakale, wovala mpango wofiira. Munthuyo anaisisita kabatiyo, nati zoterezi zikusowa masiku ano, koma nayenso anafuna kuyamba ndi kudula miyendo. Ndinamulozera khomo. Mwanayo analira, nati bambo mufera pamwamba pano chifukwa cha matabwa. Mwina akunena zoona. Chiyambire Ogasiti sindinaponde mumsewu, ndipo buledi amandikwezera ndi a Zwart okhala pansi pangapa.

Ndatsimikiza motere. Kabati sidulidwa, ndipo ine sindiisiya. Chimene chichoke ndi zenera, pamodzi ndi felemu lake ndi njerwa zimene anawonjezera. Mbedza ya kudenga kunja, imene tinakolekapo chingwe poikweza, ikadali yolimba. A ofesi ndinawapempha chilolezo, anakana. Sindiwapemphanso. Kabati ikatsika tibwezeretsa zonse monga zinalili, ndipo akadzakwiya adzakwiyire ine.

Chichokereni kwathu sindinakupempheni kanthu. Lero ndikupempha mwana wanu Joos kwa tsiku limodzi. Ntchito ya mazenera ndi yake, ndipo mwana wanuyo salankhula zambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mpongozi wanu Jacomina ndi kwa adzukulu onse. Willemien wadzutsa mutu, akuti nayenso akupereka moni kwa azakhali.

Muuzeni Joos afike kuno m'mawa Loweruka pa 18. Abwere pagalimoto yake, ndi chingwe chachikulu, zida zake ndi mnzake mmodzi wamphamvu. Macheka asiye kunyumba.

Ndine mlongo wanu,
Leendert Minderhoud