Mchere wa Padenga

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku komboni ya Kanyama tilipo. Mwana amene munandisiya naye m'mimba anabadwa, wamkazi, ndipo wayamba kukwawa.

Mchere wasowanso m'masitolo. Anthu amafola pamzere mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera chimanjamanja. Bambo a mwana, amene akadali kunyamula matumba m'masitolo a ku Kamwala, amandibweretsera zosesa pansi, mchere wosakanikirana ndi mchenga. Ndimausungunula, kuusefa pa chitenje, n'kuika mabeseni padenga monga munkachitira inu.

Poyamba ndinatunga madzi a m'chitsime chathu. Munali laimu wambiri, mchere unatuluka wotuwa, womata ngati phala. Madzi a mvula a mumgolo ndiwo anathandiza. Munkati, “Mchere safuna phuma, ukaugwedeza umabala ana osakhwima.” Ndaona kuti n'zoona. Madzi akakhuta mchere, dzuwa n'kuwamwa pang'onopang'ono, timiyala timayambira pamwamba, kuyandama ngati timbale ta ngodya zinayi. Khungu la madzi ndilo limanyamula timiyalato mpaka titakula. Tsiku lina ba Mwila, aneba athu achibemba, anandibwezera beseni losatsukuluza bwino sopo. Khungu lija linafooka, timiyala tinamira tisanakule, panatsala zinyenyeswa zokhazokha. Sindinawakalipire. Ndiwo amandigwirira mwana ndikakwera padenga.

Nditayamba kugulitsa pamalo anga a pamsika, mbiri ya mchere wanga inafika kwa anyamata a chipani. Anabwera masana, wamkulu wawo ali patsogolo. Iyeyo ndiye anandifunsa.

“Imwe amai, ndimwe mubisa vinthu, anthu avutika?”

Ndinati, “Kwerani mukaone, ni zosesa chabe.”

Anakweradi. Wouma anauthira m'thumba lawo, mabeseni a madzi anawagudubuzira pansi. Anati ndikayambiranso, malo anga a pamsika apatsa wina. Mwana analira, ine ayi. M'mawa mwake bwalo lonse linayera mbee, ndipo azimayi a m'komboni anabwera ndi masipuni kudzapala dothi. Ba Mwila anapala nawo, n'kundigawira theka.

Tsopano mabeseni ndimaika kuseri kwa chimbudzi, pamene dzuwa limafika pang'ono. Amachedwa kuuma, koma miyala yake ikutuluka yaikulu kuposa ya padenga. Sindigulitsanso. Wobwera ndi kambale ndimamupatsa, osafunsa khadi lake la chipani.

Ndimakukondani, Amayi. Mdzukulu wanu sadzadya ndiwo zozizira ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu,
Tisauke