Bwana Watsopano Ali Pabalaza

Amayi a ana,

Musakuwe mukalowa pabalaza. Amene akhala pampando wanuwo si mzukwa ayi, ndi mafupa a munthu aja timaphunzitsira ku koleji, amene ophunzira anawatcha Profesa Mafupa.

Lero akomiti yochepetsa antchito anati ndalama zatha, aphunzitsi a sayansi patsale mmodzi yekha. Atafunsa ophunzira kuti wokhulupirika kwambiri ndani, anawo mwachipongwe anati ndi Profesa Mafupa: sajomba, sadandaula, sanapemphepo kuti awakwezere malipiro. Akomitiwo osapita n'kukawaona komwe, atichotsa tonse n'kusiya iwowo. Ine ndachita kugwada kuti andipatseko ganyu yowayankhulira m'kalasi. Ofesi yawo aibwereketsa kale kwa wogulitsa mafoni, ndiye azigona kwathu kuno.

Tsoka ilo, ndili kubafa galu wathu wathawa ndi mwendo wa bwana. Ndapita kukamusaka. Mwendowo ukapanda kupezeka, mawa a Profesa sakaima kutsogolo kwa kalasi, ganyu yanganso yathera pomwepo.

Chonde muzitseka chitseko, galuyo akhoza kubwerera mwendo winawo. Amayi anu akafika muwauziretu, angagwade mpaka maondo kuwawa akudikira kuyankhidwa moni. Pepaninso, ndawafunditsa bulangeti lanu latsopano lija. Nthiti zinali pamtunda, ndinawamvera chisoni.

Muwapatse ulemu, mayi. Pakhomo pano amene ali pa ntchito yokhazikika ndi iwowo basi.

Ndine,
Mneneri wa a Profesa, amuna anu